Akukupatsani banyira kuchokera m'dengu la mnzanu

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwathu, lero ndabwera ndi mlandu. Ndikuimba mlandu malonda ena amene ambiri kuno kumudzi sanawamvepo, koma amene ana athu okhala ku South Africa, ku Britain ndi ku America akukumana nawo m'mashopu akuluakulu, pa foni ndi m'mahotela. Malondawa amatchedwa timeshare. Kuti munthu azipita kutchuthi ndilibe nazo vuto, wogwira ntchito ayenera kupuma ndipo ndalama zake ndi zake. Chimene chandiimika mutu ndi chizolowezi choika mamembala pa makwerero, uyu wa siliva, uyu wa golide, uyo wa pamwamba penipeni, n'kumapatsa okwera zokoma zimene a pansi sazilawa. Makampani amati uku n'kuthokoza kasitomala wokhulupirika. Ine ndikuti zambiri mwa zokomazi n'zolanda, ndipo wolandidwayo ndi membala mnzawo.

Ndiyambe ndafotokoza, kuti tiyendere limodzi. Malondawa anayambira ku Ulaya m'zaka za m'ma 1960, ndipo kampani ya Hapimag ya ku Switzerland, yomwe inakhazikitsidwa mu 1963, ndi imodzi mwa zoyambirira. Nzeru yake inali yomveka. Nyumba ya kunyanja kapena kumapiri ndi yodula, koma mwini wake amagonamo masabata awiri pachaka, miyezi yotsalayo mukugona akangaude. Bwanji anthu ambiri osaigula pamodzi, aliyense n'kukhala ndi sabata yake? Chaka chili ndi masabata 52, choncho chipinda chimodzi chikhoza kukhala ndi eni ake pafupifupi 50. Munthu amalipira kamodzi ndalama yogulira, kenako chaka ndi chaka amasonkha ndalama yosamalira malowo: denga, utoto, madzi, alonda, misonkho ya boma. Ku America ndalama ya pachakayi, tikatenga pakatikati, imapitirira madola 1,000, ndipo imalipidwa kaya wapita kutchuthi kaya sunapite.

Masiku amenewo chilungamo chake chinali choonekeratu. Wogula sabata ya Khirisimasi ankalipira zambiri, wogula sabata yopanda alendo ankalipira zochepa, ndipo aliyense ankadziwa chake. Kenako kunabwera kusinthana masabata kudzera m'makampani monga RCI, yomwe inayamba mu 1974, ndipo pambuyo pake kunabwera mapointi. Disney Vacation Club inayamba ndi mapointi mu 1991, Marriott Vacation Club inalowa m'njira imeneyi mu 2010. M'makalabu ambiri aakulu munthu sagulanso sabata yodziwika. Amagula mapointi, ndipo chaka chilichonse amasungitsa nawo chipinda kulikonse kumene kalabuyo ili ndi malo, ngati chipindacho chilipo. Mawu akuti "ngati chilipo" muwasunge, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Ife tinazolowera mapointi a MSCE, kumene wa mapointi 6 ndiye dolo. Kuno n'zotembenuza: wa mapointi ochuluka ndiye bwana, ndipo mapointi akewo sanawakhetsere thukuta m'chipinda cha mayeso, anangosainira cheke.

Makwerero ake ndi otere. Club Wyndham ya ku America, itakonzanso magulu ake mu 2020, inaika gulu la Bronze pa mapointi 300,000, Silver pa 500,000, Gold pa 800,000, Platinum pa 1,100,000 ndi Founders pa 1,400,000. Chimodzi mwa zokoma zake chinali ichi: posungitsa chipinda kutatsala masiku 60 kapena ocheperapo, wa Silver achotseredwe 25 peresenti ya mapointi, wa Gold 35, wa Platinum theka lathunthu. Wopanda gulu alipire onse. Nayo Marriott inaika Select pa mapointi 4,000, Executive pa 7,000, Presidential pa 10,000 ndi Chairman's Club pa 15,000. Musadabwe ndi kusiyana kwa manambala, pointi ya kampani ina siifanana ndi ya kampani inzake, monga kwacha ndi randi. Ku Marriott, kuyambira wa Executive kupita m'mwamba anapatsidwa mwayi wosungitsa chipinda, ngakhale cha usiku umodzi, kukadali miyezi 13. Wa pansi wofuna masiku ochepa otero anauzidwa kuti adikire mpaka patsale miyezi 10.

Oikira kumbuyo dongosololi ali ndi mfundo imodzi imene amaikonda, ndipo si yopusa. Amati kulikonse wogula zambiri amalandira zambiri. Makampani a ndege amatero, mahotela amatero, ngakhale mayi wogulitsa tomato pamsika amaika banyira kwa wogula milu isanu, ndipo wogula mulu umodzi sadandaula. Zoona zimenezo. Koma tapenyetsetsani kumene dzanja la mayiyo limapita poika banyira. Limapita pa mulu wake. Tsiku limene adzapise dzanja m'dengu la kasitomala amene walipira kale, n'kutapamo tomato atatu kupatsa wogula milu isanu uja, msika wonse udzakuwa kuti wakuba. Mipando ya m'ndege ndi ya kampani ya ndege, ndipo wokwera akakhumudwa lero mawa akhoza kukwera ina. Membala wa timeshare anauzidwa pogula kuti iye ndi mwini wake. Ndalama yake ndiyo inagula zipindazo, ndalama yake ya pachaka ndiyo imazisamalira, ndipo anamangidwa ndi mgwirizano wa zaka makumi angapo, mwinanso wopanda mapeto.

Tiyeni tipite pa bolodi. Tiyerekeze kuti pali malo a zipinda 100. Kuchulukitsa ndi masiku 365, tikupeza malo ogona 36,500 pachaka, kuwerengera chipinda chimodzi usiku umodzi. Nambala imeneyi siikula, kaya kampani ipange magulu atatu kaya khumi. Malo onsewa anagulitsidwa kale kwa mamembala monga mapointi. Tsono sabata ya Khirisimasi ili ndi zipinda 100 basi. Ngati chipata chatsegulidwira a pamwamba miyezi itatu ena asanaloledwe, ndipo mabanja 100 a pamwambawo atenga sabata imeneyo, wa pansi akafika apeza ziro. Kodi kampani yamanga chipinda cha nambala 101 kuti ithokoze makasitomala ake aakulu? Ayi. Kodi yatulutsa tambala m'thumba mwake? Ayi. Mtengo wa mphatsoyo walipidwa ndi membala wamng'ono, amene watsala ndi Lachiwiri ndi Lachitatu la mwezi umene palibe akuufuna. Papepala pointi yake ndi yofanana ndi ya bwana uja. Pa kauntala yasanduka pointi ya mtundu wina.

Wina anena kuti, "Aphunzitsi, nanga mukufuna wa mapointi 15,000 afanane ndi wa 1,500?" Sindinatero. Ambiri a ife tili m'ma SACCO, ndipo tikudziwa mmene phindu limagawidwira pakutha pa chaka: wa masheya ambiri amatenga zambiri, molingana ndi masheya ake. Palibe amene amakangana nazo. Chimodzimodzi wa mapointi 15,000 amagona masiku ochuluka kakhumi kuposa wa 1,500, ndipo n'zoyenera, pakuti analipira kakhumi ndipo amasonkha kakhumi. Mphotho yake walandira kale pamenepo. Chimene makwerero amachita n'kumupatsa mphotho yachiwiri, yakuti pointi yake iliyonse ikhale yamphamvu kuposa pointi ya mnzake. Zili ngati SACCO italengeza kuti a masheya ambiri azilandira 20 tambala pa kwacha iliyonse pamene a masheya ochepa azilandira 10 tambala. Msonkhano waukulu wa chaka chimenecho sungathe bwino. N'zoona kuti ku Marriott a magulu apamwamba amalipira ndalama ya umembala yokwererapo pang'ono, koma kakusiyana kameneko sikangagule miyezi itatu yoyambirira pa mzere.

Funsaninso kuti amene amapwetekeka kwambiri ndani. Ndi munthu womangidwa ndi kalendala ya sukulu: mphunzitsi, ndi kholo lililonse la ana apasukulu. Mphunzitsi wa ku Florida kapena wa ku KwaZulu-Natal sangasiye kalasi pakati pa teremu kuti akagone kunyanja chifukwa ndiyo sabata imene yapezeka. Tchuthi chake chimagwa pamene aliyense akufuna chipinda, ndipo ku South Africa nthawi imeneyo ndi December ndi Pasaka. Munthu wachuma wopuma pantchito akhoza kupita mwezi uliwonse, koma iyeyo ndiye amapatsidwa mwayi woyamba kusankha. Wopanda kothawira ndiye amaikidwa kumapeto.

Za kuchotsera mtengo nazo zili ndi oziteteza. Amati chipinda chimene sichinatengedwe kutatsala masiku 60 chikanangokhala chopanda munthu, choncho palibe wotaya kanthu. Chabwino. Koma chipinda chopanda munthucho n'chayani? N'cha onse amene amasonkhera denga lake. Ngati chiyenera kutsika mtengo kuti chisagone chokha, chitsikire aliyense. Mmene zilili, chipinda cha mapointi 100,000 wa Platinum amachitenga ndi 50,000, ndiye kuti pa mapointi omwewo iye apita kawiri pamene mnzake apita kamodzi. Ndipo namwino amene abwana ake amuvomera tchuthi mochedwa amapezeka akulimbirana chipinda chotsalacho ndi munthu wolipira theka. Ena mwa a pamwambawa anafika posandutsa mwayiwu bizinesi, kumatenga zipinda zambiri motchipa n'kumabwereketsa kwa anthu akunja. Wyndham yomweyo mu 2021 inayamba kuchepetsa alendo amene membala angatumize m'malo mwake pa nthawi za tchuthi chachikulu pa malo ena. Lamulo lotero silikanafunika kukanakhala kuti palibe amene ankamanidwa chipinda.

Palinso yankho lakuti kampani ndiyo imalipira zokomazi kuchokera ku phindu lake. Pa zinthu zimene ndalama ingagule, ndilibe mlandu. Disney inatsegula chipinda chopumiramo mamembala ku Epcot mu 2016, muli mipando yabwino ndi zakumwa. Kampani ina ipereke maluwa, ina ipereke tikiti yotsika mtengo, ina ikatenge bwanayo pa bwalo la ndege ndi galimoto yaitali ngati basi. Malinga ngati zikuchokeradi m'thumba la kampani, ameneyo ndiye banyira weniweni, adye ndithu. Koma malo a kutsogolo pa mzere sangalipidwe ndi kampani. Aliyense amene anaimapo kuchigayo akudziwa kuti mwini chigayo akalowetsa mnzake kutsogolo, iye sataya kanthu. Otaya ndi amayi amene ali kumbuyo, amene akafike kunyumba dzuwa litalowa.

Ndipo asatinamize kuti popanda makwerero otere kalabu singayende. Ku Disney Vacation Club membala aliyense amasungitsa chipinda pa malo amene anagula kukadali miyezi 11, ndipo pa malo ena a kalabuyo kukadali miyezi 7. Wa mapointi 50 ndi wa mapointi 1,000 amafika pachipata tsiku limodzi. Kalabuyi yakhalapo kuyambira 1991 ndipo siinagwe. Umenewu ndi umboni wakuti kupatsa olemera mwayi woyamba n'chisankho cha kampani, chimene ikhoza kuchisiya itafuna.

Musafulumire kuombera Disney m'manja, chifukwa nayo ili ndi tsankho lake, ndipo ili ndilo gawo lachiwiri la mlandu wanga. Membala akatopa, akakalamba kapena ndalama zikamuthera, amagulitsa mapointi ake kwa munthu wina, kawirikawiri pa mtengo wotsika. Tingati mapointi a kaunjika. Makampani amadana nawo msika umenewu chifukwa umawalanda makasitomala, choncho amalanga ogula kumeneko. Mu 2011 Disney inaletsa ogula kwa mamembala anzawo kugwiritsa ntchito mapointi pa maulendo a sitima zake zapamadzi. Mu 2016 inawachotsa pa zokoma za mamembala. Mu 2019 inalamula kuti ogula kaunjika wa malo akale kuyambira nthawi imeneyo asamagone ku Riviera, malo atsopano amene anatsegulidwa chaka chomwecho, ndipo wogula kaunjika wa Riviera azigona ku Riviera kokhako. Ku Wyndham nako mapointi ogula kwa membala mnzako sawerengedwa pokwera magulu aja, ngakhale ukhale nawo 2,000,000.

Tsono ndifunse. Malaya a kaunjika amatsika mtengo chifukwa kolala yatha. Kodi pointi imatha pati? Ilibe kolala, ilibe mabatani. Ku Disney, anthu awiri a mapointi 150 pa malo amodzi amasonkha ndalama ya pachaka yofanana ndendende, kaya wina anagula ku kampani kaya kwa membala. Posonkha ndi ofanana, pakudya ndi osiyana. Choseketsa n'chakuti kampaniyi ili ndi ufulu wolowerera pa malonda a mamembala awiri n'kugula mapointiwo pa mtengo womwewo umene anagwirizana. Ikatero imawagulitsanso pa mtengo wake wokwera, ndipo mapointi omwe aja amene dzulo anali osayenera zokoma, lero ayera, ayenera zonse. Chasintha n'chiyani? Thumba limene ndalama yalowa. Apa mpamene mawu akuti "kuthokoza wokhulupirika" amavulira. Munthu amene wasonkha mokhulupirika zaka zingapo pa mapointi a kaunjika sawerengedwa, pamene amene wasaina dzulo mu ofesi ya malonda walandira kale khadi.

Adzati wogula kaunjika analipira zochepa, choncho alandire zochepa. Iwalani za iye kaye, ganizani za amene anamugulitsa. Ameneyo analipira kampani mtengo wonse pa tsiku loyamba. Kampani inadya kale. Ikamachotsa zokoma pa mapointi ogulitsidwanso, imatsitsa mtengo umene membala wake woyamba uja angapeze potuluka. Wolangidwa weniweni ndi mayi wamasiye amene akufuna kugulitsa zimene amuna ake anasiya, kapena bambo amene ntchito yamuthera. Ngakhale wa Platinum ali m'gulu lomweli, pakuti ulemu wakewo sapita nawo kumsika. Akamagulitsa kwa munthu wachilendo amagulitsa mapointi opanda gulu. N'chifukwa chake pa eBay mumapezeka anthu akugulitsa timeshare za makalabu ena pa dola imodzi, kungofuna kuthawa ndalama ya pachaka. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Gawo lachitatu ndi lakuti makwererowa amayenda. Kuti munthu ayenere zokoma za Disney, mu 2018 ankafunika mapointi 75 ogula ku kampani. Mu 2019 anakhala 100, mu 2020 anakhala 125, mu 2021 anafika 150. Ku Wyndham gulu la Silver linali pa 400,000 lisanakwere kufika 500,000, la Gold linali pa 700,000 lisanafike 800,000. Amene anali atakwera kale anasiyidwa pa malo awo, zimenezo ndinene poyera. Koma amene anali pakati pa ulendo, akusonkhanitsa pang'onopang'ono, anangoona mzere womalizira ukusunthira kutsogolo. Aphunzitsi anzanga, tikanati tisinthe malikisi okhozera ana atalemba kale pepala loyamba, makolo akanatipeza ku ofesi ya ahedi tsiku lomwelo. Ndipo m'mapepala a makalabuwa mumalembedwa, ndi zilembo zing'onozing'ono, kuti zokomazi si gawo la umwini wako ndipo zikhoza kusinthidwa kapena kuthetsedwa nthawi iliyonse. Ngongole yako ndi ndalama ya pachaka ndizo zomangidwa ndi lamulo. Chimene chinakukopa kuti usaine chili pa chifundo cha kampani.

Nanga makwererowa ntchito yake yeniyeni n'chiyani? Malipoti a makampani aakuluwa amasonyeza kuti malonda oposa theka amachitika kwa anthu amene ndi mamembala kale. Membala akafika kutchuthi amaitanidwa ku kamsonkhano kamene amati n'komudziwitsa zatsopano. Akadandaula kuti sakupeza chipinda nthawi imene akufuna, yankho limakhala lokonzeratu: mwatsala pang'ono kufika gulu lotsatira, onjezerani mapointi, vuto lanu litha. Ambiri amaonjezera ndi ngongole ya kampani yomweyo, ya chiwongoladzanja choposa 10 peresenti, chokwera kwambiri poyerekeza ndi cha ngongole ya nyumba ku America. Onani mmene zalukidwira. Kusowa kwa zipinda kwa wa pansi kukuchokera, mwa zina, ku mwayi wa a pamwamba, ndipo mankhwala ake akuti n'kukwera pamwamba. Kwathu munthu wotere timamudziwa: ndi sing'anga amene amakutchera usiku, m'mawa n'kukugulitsa mankhwala otsirika. Ndipo onse atati akwere kufika pamwamba, mwayi woyambawo ungathe ntchito, chifukwa onse angafikenso pachipata tsiku limodzi. Dongosololi limafuna kuti pansi pazikhala anthu nthawi zonse.

Izi si za ku America kokha. Mmodzi mwa ana amene ndinawaphunzitsa, amene tsopano ndi namwino ku Gauteng, anandisimbira zake. Anamuimbira foni kuti wapambana tchuthi chaulere, anapita kukamva, anabwerako atasaina mapointi a gulu lotsikitsitsa la kalabu ina ya komweko. Zaka ziwiri zotsatizana anayesa kusungitsa chipinda cha December kuti apite ndi ana ake kunyanja, zaka zonse ziwiri anauzidwa kuti kwadzaza. Ndalama ya pachaka yokha ndiyo inkafika pa nthawi yake, itakweranso. Atadandaula anamuuza kuti akwere gulu. Atati akufuna kutuluka anamuonetsa pamene anasaina.

Mtsikanayu sali yekha. Mu 2017 bungwe loteteza ogula la boma la South Africa, National Consumer Commission, linakhazikitsa kafukufuku wa malonda amenewa, linayenda m'zigawo za dzikolo kumva madandaulo a anthu, ndipo linatulutsa lipoti mu December 2018. Madandaulo aakulu anali omwewa: migwirizano yopanda mapeto imene munthu sangatulukemo, ndalama ya pachaka yokwera mosalekeza, ndi kusowa kwa zipinda pa nthawi imene eni mapointi akuzifuna. Lipotilo linalangiza, mwa zina, kuti migwirizano izikhala ndi malire a zaka ndiponso kuti pakhale bungwe loyang'anira malondawa. Ku Spain khoti lalikulu linagamula mu 2015 kuti migwirizano yopanda mapeto ndi yosemphana ndi lamulo la dzikolo la 1998, limene linaika malire a zaka 50.

Malamulo otetezera ogula alipo ndithu, koma ambiri amalondera pakhomo polowera. Ku mayiko a European Union, potsatira lamulo la 2008, ndiponso ku Britain, wogula ali ndi masiku 14 osinthira maganizo. Ku Florida ndi masiku 10. Ku South Africa, ngati wogulitsa ndiye anakutsata, ndi masiku 5 ogwira ntchito. Zabwino zimenezo, koma m'masiku 14 oyambirira munthu amakhala asanayese n'komwe kusungitsa chipinda cha Khirisimasi. Ululu wa makwerero umamveka chaka chachiwiri kapena chachitatu, khomo litatsekeka kalekale. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo lamulo limakupatsa nthawi yoyang'ana khungu lokha.

Kuti asanene kuti aphunzitsi amangodziwa kudzudzula, nazi zimene ndingazitche chilungamo. Choyamba, chipata chosungitsira zipinda chizitsegulidwa tsiku limodzi kwa mamembala onse a malo amodzi, ndipo kutsika kwa mtengo kwa masiku omaliza kuzikhala kwa onse. Chachiwiri, pointi iziwerengedwa malinga ndi ndalama ya pachaka imene imasonkhedwa pa iyo, mosayang'ana kuti inagulidwa kwa yani. Chachitatu, chokoma chilichonse chimene wogulitsa wachitchula kuti munthu asaine chilembedwe mu mgwirizano, ndipo chisasinthidwe popanda voti ya mamembala. Chachinayi, chaka chilichonse kalabu izionetsa mamembala kuti masabata a tchuthi chachikulu anapita kwa magulu ati, angati anabwereketsedwa kwa anthu akunja, ndipo zokoma za a pamwamba zinalipidwa ndi ndalama iti. Ngati kampani ikunena zoona kuti imalipira yokha, kuonetsa mabuku sikungaipweteke. Ndipo ngati ikufunadi kuthokoza okhulupirika, iwerenge zaka zimene munthu wasonkha osaphonya, n'kumuthokoza kuchokera m'thumba lake.

Kwa inu ana anga amene muli kunja, tsiku lina mudzakhala pa tebulo ndi mnyamata wovala bwino, wa mano oyera, atakuikirani khofi ndi zithunzi za nyanja. Adzakuuzani kuti mtengowo ndi wa lero lokha. Musanagwire cholembera mufunseni mafunso atatu, ndipo mayankho ake akulembereni papepala. Kodi pali mamembala amene amasungitsa zipinda ine ndisanaloledwe, ndipo amanditsogolera ndi miyezi ingati? Kodi zokoma mwatchulazi zili pa tsamba liti la mgwirizano, ndipo angazisinthe ndani? Kodi ndikafuna kugulitsa, wogulayo adzalandira zonse zimene ine ndikulandira? Akayamba kuzungulira, kapena akapita kukaitana abwana ake kuti adzakutsitsireni mtengo m'malo moyankha, imwani khofiyo, thokozani, nyamukani. Safunsa anadya phula.

Ndipo ngati wina wa inu anakwera kale, ali pa Gold kapena Platinum, sindikumuda. Ndalama anazipeza ndi thukuta lake, ndipo malamulowo sanalembe ndiye. Ndingomupempha kuti pa msonkhano wa mamembala, nkhani ya chipata chimodzi ikadzabwera, adzakumbukire kuti amene ali kumbuyo kwa mzerewo mwina ndi mphunzitsi ngati amene anamuphunzitsa masamu. Amene muli ndi maganizo osiyana ndi angawa, makamaka inu amene muli m'makalabu amenewa, bwerani nawo, koma mubwere ndi manambala. Belu lalira, ndilekere pomwepa.